Una wa Buluzi: Kuwerenganso Kabuku ka Malik Badri

Kabuku kamene tikukaunika pano ndi kakang'ono, koti munthu wodziwa Chingerezi angakayambe itatha swala ya Asr n'kukatsiriza asanagone. Dzina lake ndi The Dilemma of Muslim Psychologists. Kadatuluka ku London mu 1979, ndipo mlembi wake ndi Malik Badri wa ku Sudan, amene adatisiya mu February 2021 ali ku Malaysia. Funso la kabukuka ndi la anthu ophunzira: kodi Msilamu angaphunzire nzeru za Azungu zokhudza maganizo a munthu popanda kumeza nazo limodzi chikhulupiriro chawo pa zoti munthu n'chiyani? Koma funsoli lili ndi mng'ono wake amene amagona m'nyumba zathu kuno kunyanja. Mwana akasiya kugona, nayamba kuyankha mawu amene ife sitikuwamva, timakhala pansi ngati banja n'kumafunsana kuti tipite naye kwa shehe, kwa sing'anga kapena kuchipatala. Tikuwerenga Badri tili ndi funso lachiwirili mumtima, ndipo tinene poyamba pomwe kuti amatithandiza kwambiri, koma amatisiya panjira pamene mtolo wafika polemeretsa.

Badri sadali mlendo pa zimene ankadzudzula. Adabadwa mu 1932 ku Rufa'a, mwana wa Babiker Badri, mkulu amene adatsegula sukulu ya atsikana m'tauni yomweyo mu 1907, nthawi imene anzake ankaona zimenezo ngati chipongwe. Malik adaphunzira ku American University of Beirut, digiri yake ya udokotala wa maphunziro adaitenga ku Leicester mu 1961, ndipo luso lothandiza odwala adalisula pa Middlesex Hospital ku London. Chithunzi chimene adamangirapo mfundo yake adachitenga mu hadisi imene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adachenjeza kuti otsatira ake adzalondola mapazi a mitundu ya patsogolo pawo mpaka kulowa nawo mu una wa buluzi. Kwa Badri, aphunzitsi a psychology m'mayunivesite a maiko a Chisilamu adali atalowa kale mu unawo: ankabwereza mabuku a ku America tsamba ndi tsamba, osafunsa ngati zolembedwazo zikunena za munthu aliyense kapena za Mzungu wa m'tauni yekha.

Pali mayina atatu amene ambiri timawasokoneza, ndipo kabukuka sikangamveke tisanawalekanitse. Psychology ndi maphunziro a mmene munthu amaonera, kukumbukira, kuphunzira ndi kumvera mumtima. Mabuku amati idayamba kuima payokha mu 1879, pamene Wilhelm Wundt adatsegula chipinda choyesera zinthu zotere ku Leipzig. Psychiatry ndi nthambi ya udokotala, ya anthu ololedwa kulemba mankhwala. Dzinali adalipeka Johann Christian Reil mu 1808. Psychoanalysis ndi chiphunzitso cha munthu mmodzi ndi ophunzira ake, Sigmund Freud wa ku Vienna. Mfundo yaikulu ya Badri ndi yakuti m'nyumba zonsezi muli zinthu ziwiri zosakanikirana ngati mpunga ndi mankhusu: zimene zidayesedwa n'kupezeka zoona, ndi zimene mwini chiphunzitso adangokhulupirira za chibadwa cha munthu n'kuziveka mkanjo wa sayansi. Ntchito ya wophunzira ndi kupeta.

Lichero lake lidagwa molimba pa Freud, ndipo apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa. Freud adayamba ngati dokotala wa mitsempha. Mu 1895, iye ndi Josef Breuer adalemba za amayi amene ankafa ziwalo kapena kusowa mawu popanda chilonda chilichonse m'thupi, ndipo ankapeza mpumulo akafotokoza zowawa zimene adazikwirira. Kuchokera apo Freud adamanga nyumba yaikulu. Adati gawo lalikulu la maganizo athu ndi lobisika kwa ife eni. Kuti zilakolako zimene sitingazivomere timazikankhira pansi, koma sizifa, zimatulukira m'maloto, m'kuphonya kwa lilime ndi m'matenda. Buku lake la maloto lidatuluka kumapeto kwa 1899. Mu 1923 adagawa munthu patatu: id, chilakolako chosadziwa malire, superego, liwu la makolo limene lidasanduka woweruza wa mkati, ndi ego, mkhalapakati wovutika pakati pa awiriwo. Pa tsinde pa zonse adaikapo nkhani ya Oedipus: kuti mwana wamwamuna aliyense amafuna mayi ake akhale ake yekha, ndipo amaona bambo ake ngati mdani wolimbirana naye. Za chipembedzo sadabise mawu. Mu 1907 adafanizira miyambo ya mapemphero ndi zizolowezi za odwala obwerezabwereza zinthu, ndipo mu 1927 adalemba buku lonse lonena kuti kukhulupirira Mulungu ndi chikhumbo cha mwana wamantha wofuna bambo wamphamvu.

Badri akunena zoona kuti munthu sangatenge chiphunzitso ichi chonse n'kukhalabe wogwetsa nkhope pansi m'swala ndi mtima umodzi. Koma ife a kunyanja tili ndi umboni wina umene sudalira chikhulupiriro, ndipo tikadakonda ukadamveka kwambiri. Bronisław Malinowski adakhala zaka zingapo pa zilumba za Trobriand, kufupi ndi New Guinea, pakati pa anthu owerengera mtundu kuchikazi monga Ayao ndi Achewa ambiri. M'buku lake la 1927 adaonetsa kuti kumeneko bambo ndi bwenzi la mwana, womunyamula ndi kuseka naye, pamene wolamula ndi wolanga ndi mlongo wa mayi. Ndipo mkwiyo wobisika wa mnyamata umalunjika kwa malumewo. Izi ife sitifunika kuziwerenga m'buku. Tikudziwa amene amaitanidwa mnyamata akapalamula, amene amakamba za ukwati wake, ndi mmene mkamwini amayendera mopepuka pamudzi pa eni mbumba. Ngati mkangano wa mwana umatsata amene ali ndi ulamuliro, osati amene amagona ndi mayi, ndiye kuti chimene Freud adachiona ku Vienna chidali chikhalidwe cha nyumba za ku Vienna.

Yankho la Ernest Jones, wophunzira wokhulupirika wa Freud, ndi lophunzitsa kuposa mtsutsowo. Iye adati mwana wa ku Trobriand amadanabe ndi bambo ake, kungoti chidanicho adachisamutsira kwa malume kuti chibisike. Onani msampha wake: mwana akadana ndi bambo, Freud walondola, akawakonda, Freud walondolabe. Wodwala akavomera kumasulira kwa dokotala, ndi umboni; akakana, kukanako ndi umboni woposa. Karl Popper adati chiphunzitso chimene palibe chingachitike n'kuchigwetsa sichili m'gulu la sayansi, ndipo psychoanalysis idali chitsanzo chake. Hans Eysenck naye mu 1952 adasonkhanitsa zotsatira zimene zidalipo n'kunena kuti palibe umboni woti othandizidwa mwa njirayi amachira kuposa ongosiyidwa. Ambiri adatsutsa kawerengedwe kake, koma funso lake lidakakamiza ochiritsa kuyamba kuwerenga odwala awo.

Komabe tikuona kuti Badri, pokwiya ndi Freud, sadamupatse gawo lake lonse. Madokotala a nthawi imeneyo ankayang'ana wodwala maganizo monga momwe timayang'anira nyumba yong'aluka. Freud adakhala pansi ola lathunthu, tsiku ndi tsiku, kumvetsera zimene munthuyo akunena, poganiza kuti ngakhale mawu osokonekera ali ndi tanthauzo m'mbiri ya mwini wake. Ndiponso zina zimene adazitchula mayina timaziona ndi maso: bambo wonyozedwa ndi mwini boti amene amakakalipira mkazi wake kunyumba, kapena munthu wa kaduka amene amaona kaduka mwa aliyense. Kuti mtima umadzinamiza, maulama athu adalemba kalekale. Koma sitichepa povomera kuti munthu wosakhulupirira adaona chinthu choona.

Gawo la kabukuka limene latikhalira m'mutu ndi lija la masitepe atatu amene wophunzira wa Chisilamu amadutsamo. Poyamba amatengeka, n'kumakhulupirira zonse za m'buku la Mzungu. Kenako amayesa kuyanjanitsa, kufunafuna ma aya oti agwirizane ndi chiphunzitsocho. Pomaliza amamasuka, n'kuyamba kusankha yekha. Sitepe yachiwiriyo ndi imene imatinyenga kwambiri chifukwa imaoneka ngati kulemekeza chipembedzo. Tamvapo olankhula ena akunena monyadira kuti id, superego ndi ego ndi zomwe zija Qur'an idazitchula kale: nafsi yolamula zoipa, nafsi yodzidzudzula ndi nafsi yokhazikika. Kufananako n'kwa pamwamba chabe. Nafsi zitatuzo ndi makwerero a ulendo wa munthu wopita kwa Mlengi wake, pamene zigawo za Freud ndi makina atatu okangana mpaka imfa, opanda kolowera. Wozilumikiza wapereka ulemu wa Buku kwa Freud, ndipo tsiku limene Freud adzagwe m'kalasi, ophunzira adzafunsa ngati aya nayo yagwa.

Pa gulu lachiwiri, la okhulupirira kuti munthu ndi zizolowezi zake basi, Badri ndi wosamala kwambiri, ndipo apa kupeta kwake kumaoneka bwino. Ivan Pavlov adaonetsa kuti galu amatha kuphunzira kuchucha dovu pa chizindikiro chimene chimabwera chakudya chisanafike. John Watson mu 1913 adalengeza kuti psychology isiye kukamba za mkati mwa munthu, iwerenge zooneka zokha, ndipo mu 1920 adaphunzitsa khanda kuopa khoswe woyera pomenya chitsulo kumbuyo kwake. B. F. Skinner mu 1971 adafika ponena kuti ufulu wosankha ndi nthano. Badri amakana nthanthi imeneyi, pakuti munthu wopanda kusankha sangafunsidwe pa Tsiku la Chiweruzo. Koma khasu lawo amalitenga. Joseph Wolpe, dokotala wa ku Johannesburg, adafalitsa mu 1958 njira yochotsera mantha pang'onopang'ono, ndipo Badri adaigwiritsa ntchito ndi kuikonzanso. Tiyerekeze msodzi amene adapulumuka bwato litagubuduzika ndi mwera, ndipo tsopano mawondo amagwedera akangomva mafunde. Sauzidwa kuti alimbe mtima. Amaphunzitsidwa kumasula thupi ndi kupuma mofatsa; kenako amakhala pamchenga kusoka ukonde; tsiku lina amakhala m'bwato lomangidwa padooko; lina amapalasa pamadzi ofika m'chiuno, ndipo sakwera sitepe ina mpaka mtima utakhazikika pa imene alipo. Njirayi imagwira kwa Msilamu, Mkhristu ndi wosapemphera, ndipo woigwiritsa sakakamizidwa kukhulupirira kuti iye ndi galu wa Pavlov.

Tsopano tifike pamene tikusiyana naye. Choyamba ndi chaching'ono koma chili ndi phunziro. Mu 2013 Badri adatulutsa m'Chingerezi gawo la buku la Abu Zayd al-Balkhi, wophunzira wa al-Kindi, amene adabadwira kufupi ndi Balkh, m'dziko limene lero ndi Afghanistan, namwalira mu 934. Bukulo, Masalih al-Abdan wa al-Anfus, lidasungidwa m'nyumba ya mabuku ya Ayasofya ku Istanbul, ndipo ndi chuma chenicheni. Al-Balkhi adati mtima umadwala monga thupi, ndipo ziwirizi zimadwalitsana. Adasanthula mkwiyo, mantha, chisoni ndi manong'onong'o osatha a m'maganizo, ndipo adalangiza kuti munthu azisunga maganizo abwino pa nthawi ya mtendere monga amasungira mankhwala m'nyumba, kuti adzawatulutse tsiku la mavuto. Tikuthokoza Badri potipatsa bukuli. Koma pachikuto adalemba kuti iyi ndi cognitive behaviour therapy ya dokotala wakale, kutanthauza njira imene Aaron Beck adaikhazikitsa ku America m'zaka za m'ma 1960, yothandiza wodwala kuyesa maganizo ake ngati ali oona. Kodi uku si kuyanjanitsa komwe kuja adatichenjeza? Ngati al-Balkhi ndi wamkulu chifukwa chakuti adafanana ndi Beck, ndiye kuti muyezo ukadali m'manja mwa Beck. Mphunzitsi amene adatiuza za una adapondamo phazi limodzi.

Chachiwiri ndi cholemera. Kabuku ka 1979 kadalembedwera akatswiri a psychology, anthu ochiza ndi mawu. Koma matenda amene amagwetsa mabanja athu pansi, aja timangowatcha misala, ndi a psychiatry, ndipo wowerenga wosasamala angatenge chenjezo la Badri ngati chilolezo chokanira chipatala chonse. Tikuopa kuwerenga kotere chifukwa tikudziwa kumene kumathera: mnyamata womangidwa chingwe pa nsanamira ya khonde miyezi ingapo, banja litagulitsa mbuzi ndi ukonde kulipira ochotsa majini mmodzi pambuyo pa mnzake.

Kukayikira kwathu kuli ndi maziko, sitikana. Malo osungira odwala misala ku Zomba adatsegulidwa mu 1910 pansi pa ulamuliro wa ndende, ndipo cholinga choyamba chidali kutsekera, osati kuchiza. Mu 1953 bungwe la World Health Organization lidasindikiza buku la J. C. Carothers, dokotala wa atsamunda ku Kenya, munthu amene adafanizira maganizo a Mwafirika wabwinobwino ndi a Mzungu wodulidwa mbali ya kutsogolo ya ubongo. Mwano woterewu udayenda ndi chidindo cha sayansi. Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina. Ku Paris, Jean-Baptiste Pussin ndi Philippe Pinel adayamba kumasula odwala maunyolo m'zaka za m'ma 1790. Emil Kraepelin, potsatira odwala ake zaka zambiri, adalekanitsa mu 1899 matenda amene amabwera ndi kupita, munthu n'kumakwera ndi kutsika, ndi ena amene amakhalitsa, amene Eugen Bleuler adadzawatcha schizophrenia. Mu 1949 John Cade ku Australia adapeza kuti mchere wa lithium umakhazika pansi odwala a mtundu woyambawo, ndipo mu 1952 Jean Delay ndi Pierre Deniker ku Paris adaonetsa kuti chlorpromazine amachepetsa mawu omveka m'mutu ndi zikhulupiriro zosokonekera. Mankhwalawa si ochiritsiratu, ndipo ali ndi zowawa zake: kuuma khosi, kunjenjemera manja, kuchucha dovu, tulo tosatha. Mabanja ambiri amasiyitsa wodwala akaona zimenezi, pamene choyenera n'kubwerera kwa dokotala kuti asinthe mlingo kapena mtundu. Koma ndi mankhwala omwewa amene adachititsa kuti anthu ochuluka atuluke m'zipinda zokhoma n'kukagona kwawo.

Ndipo kupita ndi wodwala maganizo kwa dokotala si kulowa mu una wa wina aliyense. Chipatala cha al-Mansuri, chimene Sultan Qalawun adamanga ku Cairo mu 1284, chidali ndi chigawo cha odwala otere. Malamulo athu a fiqh amachotsa mlandu pa munthu amene nzeru zamuchokera, kusonyeza kuti amamuona ngati wodwala, osati wochimwa. Al-Balkhi mwiniwake adagawa chisoni pawiri: china chili ndi chifukwa chodziwika, monga maliro kapena kutaya chuma, ndipo chimachizidwa ndi mawu ndi kulingalira, china chimagwa pa munthu popanda chifukwa, n'kumulanda mphamvu ndi chilakolako cha chilichonse, ndipo ichi adati gwero lake lili m'thupi ndipo chimafuna kuchiza thupi. Shehe amene angadziwe kusiyanitsa kumeneku sadzauza mayi wongobereka kumene, amene sakugona ndipo akuopa khanda lake lomwe, kuti imani yake yachepa. Adzamuwerengera duwa, ndipo tsiku lomwelo adzauza mwamuna wake kuti apeze njinga. Kusokonekera kwadzidzidzi kungachokere ku malungo okwera m'bongo, khunyu, chamba, mowa kapena matenda obwera ndi HIV, ndipo zina mwa izi zimapha m'masiku ochepa. (Tionjezepo pano, poti Ramadan imabwera chaka chilichonse: womwa lithium akasowa madzi m'thupi mankhwalawo amasanduka poizoni, choncho asayambe kusala asanaonane ndi dokotala wake. Chilolezo cha wodwala chidaperekedwa kale.)

Njira yolumikiza mbali ziwirizi idayesedwa mu Africa momwe muno Badri asanalembe kabuku kake. Tigani El Mahi, dokotala wa kwawo ku Sudan, ankagwira ntchito mogwirizana ndi mashehe ochiritsa m'malo molimbana nawo. Thomas Adeoye Lambo mu 1954 adayamba kugoneka odwala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro ku Abeokuta, ku Nigeria, aliyense ali ndi wachibale womusamalira, akulandira mankhwala masana ndi kugona pakati pa anthu usiku. Tikadakonda kabukuka kakadakhala ndi mutu wautali wa zoterezi, chifukwa ndi zimene mudzi wa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota ungathe kuchita.

Chotsiriza chimene tili nacho pa Badri chikukhudza otsatira ake kuposa iye mwini. Mkwapulo umene adakwapulira Freud, wakuti chiphunzitso chionetse umboni, uyenera kugwa mofanana pa chilichonse chotchedwa psychology ya Chisilamu. Kuika dzina la Chiarabu pa njira yochizira sikuisandutsa yoona. Choonadi cha Qur'an sichidikira kuyesedwa ndi munthu, koma mawu a mlangizi akuti njira yake imachotsa nkhawa m'masabata asanu ndi limodzi ndi mawu a munthu, ndipo angawerengedwe. Anzathu a ku Zimbabwe adachita zimenezi. Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu odwala chimene Ashona amachitcha kufungisisa, kuganiza mopitirira. Sadangonena kuti njirayi ndi ya makolo choncho ndi yabwino. Adaiyesa m'zipatala zazing'ono 24 za mu Harare, poyerekeza okhala pa benchi ndi olandira chithandizo cha masiku onse, ndipo zotsatira zidasindikizidwa mu 2016 zikuonetsa kuti a pa benchi adapeza bwino koposa.

Makonde a mizikiti yathu ali ndi mikeka, ndipo pa mikekapo pamakhala anthu amene amamva zinsinsi za mabanja kuposa dokotala aliyense wa m'boma lathu. Chimene alibe ndi mawu osiyanitsira. Al-Balkhi adali ndi mayina anayi zaka zoposa 1,000 zapitazo, Kraepelin adawonjezera ake, koma ife mayi wolira mwana wake, mnyamata wa chamba, mtsikana wa khunyu, nkhalamba yoiwala njira ya kwawo ndi bambo wobwereza udhu kakhumi chifukwa cha waswasi, tonse timawaponya m'dengu limodzi la misala kapena la majini. Amene adzamasulire Badri m'Chichewa kapena m'Chiyao adzakumana ndi vuto limeneli pa tsamba loyamba, ndipo adzafunika kukhala masiku ambiri ndi anamwino a ku Zomba Mental Hospital, ndi mashehe, ndi amayi osamalira odwala, kufunsa mawu amene aliyense wa iwo amagwiritsa ntchito akamanong'onezana za wodwala.